Pamsana pa mkamwini

Loweruka, 4 Januwale 2020, Etobicoke

Sutikesi yatsekeka, koma ndachita kuikhalira. Mawa tikunyamuka pabwalo la ndege la Pearson kuno ku Canada, ine, mwana wanga Nthanda ndi amuna ake a Tony, kukaona kwawo kwa a Tonywo ku Myanmar. Mzinda wake akuti Mawlamyine. Lilime langa lakana.

A Tony anabwera kudzachotsa sinowo pakhomo. Ine ulendo wa kuchipinda, monga mwa nthawi zonse. Mkamwini sitiyang'anana naye m'maso, ndi mmene anandilerera ku Dedza.

Lachitatu, 8 Januwale

Tafika! Kutentha ngati ku Nsanje. Mtsinje wake abale inu, Shire ndi kamwana. Maboti ali mbwee padoko, azibambo avala zitenje osachita nazo manyazi. Nyumba zakale za Angerezi, zamakonde, penti yosuwa, ndimangoona ngati ndili ku Zomba.

Asewere anga, amayi a Tony, ndi mayi wamfupi wansangala. Atiphikira supu wa nsomba, n'kutikhazika tonse patebulo limodzi, mpando wanga pafupi ndi mkamwini! Ndanyamula mbale yanga kukadyera pakhonde.

Lachinayi, 9 Januwale

Zavuta. Nthanda wandilowera kuchipinda nkhope ili gwaa. Akuti asewere akufunsa kuti mwana wawo anandilakwira chiyani. Ndati ulemutu umenewo. Iye, "Mum, Tony ndinamuuza kale, sakhulupirira."

Chipinda chimene Nthanda ndi a Tony anandikonzera kunyumba kwawo ku Markham, kuti ndikalere mwana akabadwa mu Meyi, a Tony akuti mwina zisiyidwe, ndisakavutike kukhala ndi munthu amene ndimadana naye. Kudana nawo? Munthu amene amakandidiropa ku shifiti kukuzizira, ine ndili phee kumpando wakumbuyo? Zandiwawa. Mdzukulu wanga woyamba ndizimuonera pafoni?

Lachisanu, 10 Januwale

Lero lokha ndisaseke ndekha.

Takwera paphiri kukaona kachisi wa Abuda, pagoda amatero, wagolide waliwali, mtsinje wonse ukuonekera m'munsi. Pachipata amavulitsa nsapato, ndi sokosi zomwe. Ndati zazing'ono izi, ndinakula chosavala nsapato ine. Anayala kamphasa kakatali koti anthu aziyendapo. Ndikuyenda bwinobwino, ndangoona a Tony aima kutsogolo pakamphasa pomwepo, akundidikira. Ndiye ndapatuka kuti ndiwalambalale, n'kuponda matailosi, dzuwa lili paliwombo.

Mayo ine! Chiwaya chenicheni. Mapazi anasanduka a ku Canada kalekale, ine osadziwa. Ndavina gule wopanda ng'oma, chitenje m'manja, ndikukuwa m'Chichewa, amonke akungondiyang'ana. Posadziwa ndangozindikira ndili pamsana pa a Tony, akuthamangira nane pamthunzi. Pakamwa ndikuti "Nditsitseni apongozi, nditsitseni!" koma manja agwira khosi zolimba. Asewere aseka mpaka kukhala pansi.

Pamthunzipo, mapazi ali m'beseni, ndalankhula ndi a Tony ndekha, Nthanda akumasulira. Ndati kwathu mkamwini amene tamulandira ndi mtima wonse ndi amene timamuthawa. A Tony akuti, "Ndiye kuti ine munandilandira zedi, Mama."

Loweruka, 11 Januwale

Matuza mapazi onse. Asewere akangondiona, kuseka kumayambiranso.

Lamlungu, 19 Januwale, Etobicoke

Tabwerako, tapeza sinowo wadzaza pakhomo. M'mawa ndamva fosholo ikukhwekhwereza panja. Miyendo yanditengera yokha kuchipinda, ndakaima pachitseko. Kenako ndabwerera, ndatsegula cha panja.

"Apongozi, lowani, tiyi wapsa."

Makapu awiri, tebulo limodzi. Pothira, shuga wina watayikira pansi. A Tony amwa, amwanso, n'kufunsa kuti makatani a chipinda chija akhale amtundu wanji.

Ndayankha maso ali m'kapu. Achikasu.