Mawu Owotcherera a Chidatchi

Lamlungu, 1 Juni
Tiwo, mwana wathu wamkazi, waimbanso pa vidiyo kuchokera ku Holande. Mwana wake Towera, wa zaka zisanu, wangondiyang'ana n'kukabisala kuseri kwa mpando. Mdzukulu wanga weniweni. Chinyanja ayi, Chingerezi ayi, Chidatchi chokha. Ba Dyness, akazi anga, akuti mwanayo alibe ulemu. Ine zandiwawa.

Lachitatu, 4 Juni
Magetsi palibe Kalingalinga yense. Geti la kasitomala lili gone, losawotcherera. Ndiye ndayamba Chidatchi pafoni. Anthuwa mawu amachita kuwotcherera ngati ife zitsulo. Klein, chaching'ono. Dochter, mwana wamkazi. Kleindochter, mdzukulu wamkazi. Chidutswa chomaliza ndiye mwini nkhani, choyambacho chimangomufotokoza. Ntchito yomwe ija.

Lachisanu, 6 Juni
Towera anabadwa pa 21 Juni. Keke ya tsikulo akuti verjaardagstaart. Verjaardag, tsiku lobadwa. Taart, keke. Ka s kapakatiko ndi kolumikizira. Ndalemba ndi choko pageti, mawu amodzi atenga theka la chitseko. Ba Goliati oyandikana nafe afunsa ngati ni nambala ya injini.

Loweruka, 14 Juni
Tiwo akuti kusukulu kwa Towera amadula mawu powomba m'manja, phatikizo lililonse kuwomba kamodzi. Ver-jaar-dags-taart, kanayi. Uyambe wapeza polumikiza, ndiye udule. Ka s kamatsalira kwa dag. Ndakhala ndikuwomba kushedi tsiku lonse. Ba Dyness amva. "Ba Edwell, mwalowa chechi yatsopano?" Sindinawauze. Angandiseke mpaka Khirisimasi.

Lachinayi, 19 Juni
G wawoyu, abale! Ngati munga wa nsomba pakhosi. Mwini geti wabwera, wawerenga chokocho, wabwerera.
Towera akabisalanso pa tsiku lake lobadwa, basi, ndisiya. Ndili ndi mantha.

Loweruka, 21 Juni
Foni ndachajitsa kwa Ba Goliati, ali ndi sola. Tiwo waimba. Keke patebulo, Towera theka kuseri kwa mpando. Ndawomba: ver, jaar. Phatikizo lachitatulo landikanirira pakhosi, ndatsokomola. Mwana watuluka. Wandikonza kawiri, nkhope ili gwa ngati hedimasitala. Kenako mayi wake wamunong'oneza kanthu. Wayandikira foni, wawomba katatu: a-go-go.

Ba Dyness agwira pachifuwa. "Mwaona? Awombera akulu m'manja! Kansi Tiwo anamuphunzitsa ulemu." Nawonso amuwombera mobwezera, misozi chuchuchu.

Sindinawakonze. Ndinali nditayang'ana kukhoma, ati ndikufuna chaja.