Chipewa changa ndi a Chisale

Lolemba, 14 Okutobala

Kalata yafika kuchokera ku koleji. Ndikaonekere ku komiti Lachisanu. Mlandu wake, mwano. Ine Kaitano, amene ndimapepesa ngakhale nkhuku ndikaiponda.

Zinachitika Lachinayi lapitali. A Chisale, lekichala wathu, anabwera kudzandiona ndikuphunzitsa, monga amachitira ndi tonse amene tili pa chaka choyeserera uphunzitsi. Kalasi langa ndi pansi pa mtengo wa nimu, poti zipinda ziwiri zinagwa ndi madzi osefukira. Nthawi ya 11, mthunzi utachepa, ana nditawaunjika pamene unatsala, ine padzuwa. A Chisale atafika, ahedi anavula kapusi yawo msangamsanga. Ine ndinawerama n'kuomba m'manja, chipewa chili kumutu. Pa fomu analemba kuti ndine wonyada, wosapereka chitsanzo kwa ana. Malikisi 38. Zikakhala choncho, ndibwereza chaka chonse.

Ine munthu wachialubino, ku Chiromo, mwezi uno. Amafuna ndipse ngati chimanga chootcha? Ndakwiya, komanso ndili ndi mantha.

Lachitatu, 16 Okutobala

Kabaza, minibasi, fumbi. Ndakaonana ndi mayi Semba, oona za ophunzira. Ndimayembekeza kukalipiridwa. M'malo mwake madzi ozizira m'kapu, kenako anadzuka okha kukatseka katani mbali ya dzuwa, ine osapempha.

Anatsegula buku la malamulo a koleji. Zilimodi: mphunzitsi asavale chipewa pa ntchito. Anawerenga kawiri n'kunena kuti, "Amene analemba lamuloli anali ndi denga." Akuti Lachisanu ndikabwere ndi buku langa la kuchipatala.

Ndatuluka mtima uli m'malo. Mpunga wa pa depoti ndaudya mpaka kunyambita zala. Chilandirireni kalata ija, sindinkadya bwino.

Lachisanu, 18 Okutobala

Yatha! 

Anthu asanu pa tebulo. A Chisale anayamba ndi iwo, ndipo sananame. Akuti kwawo mwamuna wovala chipewa pamaso pa akulu ndiye kuti sanaleredwe, ndipo ankaganiza kuti mafuta oteteza ku dzuwa amene timadzola aja ndi okwanira. Ngati kuti kwathu kuno sitidziwa ulemu! 

Mayi Semba anawerenga za m'buku la kuchipatala, kenako anandipempha ndionetse kuseri kwa khutu, pamene adokotala anachotsa chilonda chaka chatha. Onse anawerama kuti aone. A Chisale anafunsa motsitsa mawu, "Nanga bwanji simunanene?" Ndinawayankha kuti kutsutsa akulu pamaso pa ana kukanakhalanso mwano. Mmodzi anaseka, ena n'kutsatira.

Malikisi aja awafufuta. A Chisale adzandionanso Lachiwiri. Lamulo alilemba mwatsopano, ndipo ayang'ananso malamulo ena, chifukwa akuti pali mtsikana woyenda ndi ndodo amene akuuzidwabe kuti aziphunzitsa chiimire. A Chisale sanapepese. Koma potuluka chitseko ananditsegulira ndi iwo.

Lachiwiri, 22 Okutobala

A Chisale anafikanso 11 koloko yomweyo. Nditangowaona, dzanja langa linakwera lokha kukagwira chipewa. Iwo: "Chisiyeni, aphunzitsi." Aphunzitsi! Pang'ono ndiiwale chimene ndimaphunzitsa.

Masamu, kugawa. Ndinagwiritsa ntchito nzimbe, ana anamva bwino, mwina chifukwa amadziwa kuti pamapeto aidya. A Chisale anakana mpando wa mumthunzi, akuti akhale ana. Mphindi makumi anayi padzuwa ndi dazi lawo lija. Pofika pakati anali atadziika kaundula kumutu. Ana anaseka. Ine ndinachita ngati ndikutsokomola.

71. Ndayang'ana fomuyo kangapo, sikusintha. Ndakhoza. Ndasangalala mpaka misozi, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Lachinayi, 24 Okutobala

Baba aimba foni kuchokera kwathu ku Makhanga. Nkhani yafika kale kumeneko, koma yafika mbali imodzi. Za 71 sanafunse. "Mwananga, ndabva kuti unakana kuvulira akulu chipewa. Ubwere Loweruka tidzakambirane."

Chiyambire ndili mwana ndimawavulira, ngakhale kudimba masana, iwo akulankhula osamaliza, khosi langa likupsa. Mayi amaona, amangoyang'ana kumbali. Kumeneko kulibe komiti, kulibe mayi Semba.

Ndipita. Ndikagwada, ndikaomba m'manja, ndikawaonetsa kuseri kwa khutu. Chipewa sindikavula. Ndalemba pano kuti ndidzawerenge Loweruka m'mawa ndisananyamuke, chifukwa dzanja langali ndikulidziwa.