Chingwe cha Wamanzere

Lolemba, 3 Juni

Ayamba kugwetsa nyumba yosanja ija, ya nsanjika zinayi, imene tinapenta ine ndi Wamanzere. Ndinaima kutsidya kwa msewu. Fumbi lokhalokha. Chitsulo cha padenga chimene tinkakulungapo chingwe chikadalipo.

Zaka makumi anayi tsopano. Iye pathabwa lolendewera, burashi kumanja kwake kwa kumanzere kuja. Ine padenga, kugwira chingwe. Chingwe chinathawa, iye anagwa.

Madzulo kwabwera Aphunzitsi. Ndimomwe ndimamutchulira mwana wa Wamanzere, amene ndamulera chikwatirireni amake. Wati, "Bambo, amayi anapita nazo kumanda. Mwatsala ndinu. Lamlungu mudzandiuze mmene bambo anga ondibereka anagwera, nyumbayo isanathe."

Ndavomera. Masiku asanu ndi limodzi.

Lachiwiri, 4 Juni

Chimene chandidya zaka zonsezi ndi ichi. Wamanzere anali wowonda ngati ndodo. Munthu wopepuka amagwa pang'onopang'ono, ndimo ndinkadziwira ine. Ndiye kuti nthawi yogwira chingwe inalipo, koma manja anga anauma.

Ndamufunsa Aphunzitsi mozungulira, osatchula munthu. Waseka. "Bambo, pansi sipasankha wonenepa."

Watenga njerwa yathunthu ndi kachibenthu, wakwera nazo pakhonde la mmwamba, ine wandiimika pabwalo. Wazitaya pamodzi. Phokoso limodzi. Ndati bwereza. Limodzi. Kachitatu ndinatsinzina kuti makutu okha aweruze. Limodzibe.

Mayi wogulitsa tomato pansi pa makwerero wati tikamuswera beseni tidziwana.

Lachitatu, 5 Juni

Bondo kupweteka. Sindinatuluke.

Ndataya kiyi ndi mpeni kuchokera paphewa. Pamodzi. Sopo ndi batani. Pamodzi. Pepala lokha ndilo linachedwa. Koma nditalikwinya ngati kampira linafika ndi anzake. Mphepo ndiyo inkaligwira, monga ananenera mwanayo.

Wamanzere mphepo sinamugwire.

Amake a mwana ankati, "Inu, manja anuwa bwanji amangofumbata popanda kanthu?" Ndinkati nyamakazi.

Lachinayi, 6 Juni

Nsanjika yachinayi yapita. Chitsulo chija sindinachione.

Aphunzitsi wabwera ndi rula ya kusukulu. Wati nditambasule chala chachikulu ndi cholozera, iye walendewetsa rula pakati pake. "Ndikasiya, gwirani." Wasiya. Ndagwira mphepo. Kakhumi konse, ndagwira kawiri kokha, kumapeto kwenikweni, komanso ndikuyang'anitsitsa, ndikudikira.

Wati chinthu chikamagwa liwiro limangowonjezeka, sichidikira munthu. Walemba manambala kuseri kwa kalendala. Nsanjika zinayi, akuti, ukati "chimodzi, ziwi" wafika, osamaliza n'komwe liwu lachiwirilo.

Ine m'mutu mwanga Wamanzere wakhala akugwa zaka makumi anayi. Ndimaona chipewa chikuchoka, ndimaona penti woyera akutambasuka m'mwamba. Chonsecho chimodzi, ziwi.

Mwanayo si wopusa, wadziwa chimene ndikufunsira. Wandigwira dzanja. "Palibe munthu akanagwira chingwe chimenecho, bambo."

Ndadya mbale yonse lero, koyamba sabata ino.

Lachisanu, 7 Juni

Ndikanangomusiya alembe ntchito yake mwakachetechete. Aphunzitsi anali patebulo kukonza phunziro la Lolemba, ine ndati tandiwerengera, nanenso ndiphunzire pa ukalamba. Wawerenga. Chinthu chimene chili phee chimakhalabe phee mpaka china chichisunthe.

Ndati bwereza. Wabwereza. Ndati nanga chingwe? Wati, "Chilichonse, bambo. Ngakhale kapu iyi. Siyichoka yokha patebulo."

Kwa amene anabwera kudzafufuza ndinati chingwe chinamasuka chokha. Kwa amake a mwanayu ndinatero. Kwa abusa ndinatero. Onse anagwedeza mutu.

Ndilembe mmene tinkagwirira. Sitinkamanga mfundo, imachedwetsa. Chingwe tinkachikulunga kawiri pachitsulo, nsonga yake n'kuiponda ndi phazi. Mnzako akafuula kuti tsitsa, umapeputsa phazi pang'ono, manja akulondolera. Phazi likakhala pamenepo, thabwa silisuntha ngakhale tsiku lonse. Wamanzere ankati, "Achimwene, moyo wanga uli pansi pa chidendene chanu, musambe bwino mapaziwo."

Tsiku limenelo sanafuule kuti tsitsa.

Loweruka, 8 Juni

Ndayesa. Chingwe choyanikira zovala, kawiri pachitsulo cha khonde, ndowa ya madzi kunsonga. Ndaponda. Ndaima mpaka mthunzi unachoka pakhoma. Ndowa phee.

Kenaka ndatembenuka monga ndinatembenukira tsiku lija, kuyang'ana kuchipata. Chidendene chimadzuka chokha munthu ukatembenuka. Madzi pabwalo ponse. Wa tomato wanditukwana, ndipo wakhoza.

Pachipata paja panali mkazi wa Wamanzere, mwana kumsana, chakudya cha mwamuna wake m'manja. Diresi yachikasu. Sanali kuyang'ana ine. Ine ndiye ndinkamuyang'ana, ndipo sikanali koyamba.

Sindinafune kuti agwe. Zimenezo ndalemba, ndaziyang'ana nthawi yaitali, ndi zoona. Koma patapita zaka ziwiri diresi yachikasu ija inali kuuma pa chingwe cha pakhomo panga.

Lamlungu, 9 Juni

Nyumba ija yatsala mulu wa njerwa.

Ndikhoza kungomupatsa Aphunzitsi zake zomwe. Rula, manambala a pakalendala, palibe akanagwira. Akhulupirira, ndi iye mwini anawerengetsa. Apitiriza kunditchula bambo.

Ndasesa. Makapu awiri patebulo. Chingwe ndi ndowa sindinachotse pakhonde, aone yekha, amakonda kuona ndi maso.

Wa tomato akumupatsa moni pansipo. Nsapato zake pamakwerero. Masitepe alipo khumi ndi asanu ndi atatu, ndawerenga asanu ndi awiri.

Za manja zatha. Ndiyambira pa phazi