Magolovesi a Chiwala

Achemwali okondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Mwendo uja unkakuvutani uli bwanji? Munati mukaonana ndi adokotala, koma ndimakudziwani, mwina mwangoumanga kansalu n'kumapitiriza ntchito. Ine kuno ndili bwino, kungoti mawu anasasa chifukwa chokuwa pabwalo. Museka mukamva zimenezi, inu amene munanditcha Chetechete ndili mwana.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni paja sindinayankhe kanthu. Munandifunsa ngati ndinaitanira mwana wanu mumzinda muno kuti ndidzamuchititse manyazi pamaso pa anthu, kenaka munadula. Ine mawu amandibwerera anthu atapita kale. Ndiloleni ndiyankhe pano, pang'onopang'ono. M'kaphukusi kamene kabwera ndi kalatayi muli magolovesi a mwana wanuyo, Chiwala. Musamupatse kaye mpaka mutawerenga zonse.

Anthu amaganiza kuti ntchito ya kochi wa timu yaikulu ndi kujambula mizere pabolodi. Zimenezo ndinaphunzira ku yunivesite, ndipo ndi zosavuta. Chovuta n'chakuti wosewera aliyense ali ndi khomo lake lolowera. Tili ndi womwetsa zigoli wina amene anzake amamutcha Bwanamkubwa. Ameneyo ukamuyamikira amagona tulo. Amafuna umuuze kuti wakalamba, kuti kamnyamata ka pabenchi kakuthamanga kumuposa. Apo amafufuma ndi mkwiyo, Loweruka n'kumwetsa zigoli, n'kubwera kudzandiloza chala. Wina wotseka kumbuyo, chimunthu chachikulu ngati chitseko, ukangomukalipira pagulu miyendo imamulemera sabata yonse. Ameneyo ndimangomugwira paphewa podutsa. Kaputeni amafuna ndimufunse maganizo ake, ngakhale akudziwa kuti ndasankha kale.

Ndili ndi lamulo limodzi lomwe ndinadziikira. Munthu amene ndamuchotsa pa osewera a Loweruka samvera pagulu. Lachisanu tikamaliza zokonzekera ndimamuitana, n'kuyenda naye awiriwiri kuzungulira bwalo, m'mphepete mwa mzere woyera. Ndimamuuza chifukwa chake, iyenso amanena zakukhosi. Poyenda anthu simuyang'anana m'maso, ndiye mawu amatuluka mosavuta. Anyamata amati kochi akuperekeza maliro. Ndikangoitana munthu, enawo amagwira pamtima n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo yachisoni, wina n'kumafunsa kuti malemuwo nsapato zawo asiyira ndani. Wochotsedwayo amayamba ulendo akuseka, ndipo zimathandiza.

Koma kochi sadya ndi osewera, Achemwali. Ndikalowa m'chipinda chodyera kuseka kumazima ngati wina wathimitsa wailesi. Ndimatenga mbale yanga n'kupita nayo ku ofesi, kachipinda ka pansi pa masitepe a masapota, konunkha mafuta opaka minofu ndi masokosi onyowa. Nyumba imene timu inandipatsa ili ndi tebulo lalikulu la banja, ine ndimakhala pakangodya kamodzi.

Chiwala atabwera, Lamlungu langa linasintha. Ankafika masana, kutsegula firiji osapempha, n'kumanyoza kaphikidwe kanga. Akuti malume mumaphika ngati mukulanga munthu. Tinagwirizana kuti pabwalo ndine kochi, kunyumba ndine malume, ndipo ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Mukudziwa kuti sindine amene ndinamulemba mu timu yathuyi. Anamuona ndi anthu a timu ofufuza osewera, ndipo pokambirana za iye ine ndinatuluka m'chipindamo. Koma masapota analibe nazo ntchito zimenezo.

Tsiku lija munamva pawailesi, mpira wa kona unabwera wamwamba. Iye anatuluka pagolo kukaudumphira monga amachitira, unamupulumuka m'manja n'kugwera pamutu pa mdani. Chigoli. Zimachitikira goloboyi aliyense. Koma masapota a mbali ya kudzuwa anayamba kuimba kuti mwana wa achemwali, pita ukatsuke mbale za amalume. Nyimboyo inatiperekeza mpaka m'basi.

Sindinamuchotse chifukwa cha chigolicho. Ndinamuseweretsanso masewero otsatira, ndi enanso. Chimene ndinaona n'chakuti akagwira mpira amayang'ana kubenchi, akauponya amayang'ananso kubenchi. Ankafuna kuona nkhope yanga, ngati ndachita naye manyazi. Pa kona sanatulukenso, ankangomatirira pamzere ngati amumanga chingwe m'chiuno. Mwana uja munamutcha Chiwala chifukwa chodumpha mipanda ya eni anasiya kudumpha.

Ndinagogoda makomo onse amene ndimawadziwa. Ndinamukalipira, ndinamuyamikira, ndinakhala chete, ndinatuma kaputeni. Tsiku lina mpaka ndinakhala pansi kuseri kwa wothandizira wanga, kochi wathunthu kubisala ngati mwana woswa kapu. Iye ankandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza. Goloboyi woyang'ana kubenchi saona mpira, ndipo pali anzake amene nawonso amadyetsa ana ndi miyendo yawo.

Choncho Lachisanu lija ndinamuitana. Kwa nthawi yoyamba anyamata sanaimbe nyimbo yawo ya maliro. Bola akanaimba. Bwanamkubwa yekha anayesa, akuti malemu awa ali ndi mwayi, wowaperekeza ndi wachibale weniweni, koma palibe amene anaseka.

Tinayamba kuyenda. Ndinamuuza kuti Loweruka pagolo pakhala Madala, goloboyi wathu wamkulu uja, ndipo ndinamuuza chifukwa chake. Tinafika pakona, pamene pali kambendera. Apo anandifunsa kuti amene akumuchotsa ndani, kochi kapena malume amene atopa kutukwanidwa chifukwa cha iye. Ndinayankha kuti pabwalo pano palibe malume. Iye anati ngati zili choncho ndiye kuti mumzinda muno alibe aliyense. Anadula pakati pa bwalo n'kumapita. Palibe wosewera amene anandisiyapo pakati pa ulendo. Ndinaima pakambenderapo, wotchetcha udzu akundizungulira ndi makina ake.

Loweruka tinapambana, Madala sanagoletsetse. Nyuzipepala zinalemba kuti kochi walimba mtima. Lamlungu ndinaphika za anthu awiri, ndipo zotsalazo ndinadya Lolemba. Tsiku lomwelo ndinapeza magolovesiwa atakolekedwa pachitseko cha ofesi yanga. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi anati Chiwala wakwera basi yobwerera kwanu.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Wapampando wa timu anandiuza kuti wothawa ntchito alibe malo, amufufuta. Nthawi yosinthana osewera ikutsekeka kumapeto a mwezi uno. Ikatsekeka iye ali kumeneko, akhala chaka osasewera, ali ndi mbiri yoti anathawa. Goloboyi wotero palibe timu idzamufune. Zimene wakhala akuzigwera m'fumbi kuyambira ali kamwana zithera pakhonde panu.

Ndinazungulira bwalo ndekha kangapo sabata imeneyo, anyamata akundiyang'ana pawindo. Mwina ankati kochi akudziperekeza yekha. Ndinadzifunsa funso lake lija. Mukudziwa kuti sindinasewerepo mpira wa ligi, ndipo kukayikira sikundichoka kuti mwina zonsezi ndinangoziwerenga, sindizidziwa. Komabe ndinapeza kuti amene anamuchotsa analidi kochi, ndipo ndikanati ndisankhenso ndikanasankha chimodzimodzi. Ndinapezanso china chowawa. Mwanayu ndalephera kumuchiza chifukwa matenda ake ndine. Ndikakhala pabenchipo, maso ake sadzabwerera pa mpira.

Ndiye ndinavala jekete n'kuwoloka njanji, kupita kwa kochi wa timu imene timalimbana nayo mumzinda muno. Munthu ameneyu sitipatsana moni wabwino. Pawailesi amanditcha Pulofesa, osati mwaulemu. Anandisiya pampando wa alendo nthawi yaitali ngati wofunsa ntchito, ndipo atatuluka anaseka mpaka kugwira khoma. Akuti a Pulofesa, mabuku akanika kodi, mwabwera kudzaphunzira kwa ife osapita kusukulu? Ndinamulola aseke. Atamaliza ndinamuuza chimene ndinadzera.

Anasiya kuseka. Anati mnyamatayo wakhala akumusirira kuyambira kale, manja ake ndi abwino, ndipo kwawoko akagwetsa mpira adzatukwanidwa m'dzina lake lokha, popanda kutchula amalume kapena amayi ake. Wapampando wathu wavomera kumubwereketsa. Akumufuna Lolemba likubwerali m'mawa, ali ndi magolovesi m'manja.

Achemwali, ndikudziwa mmene mulili. Mwamuyalira pabedi lake lakale, mukumuonjezera chakudya m'mbale, mukumuuza kuti ausiye mpirawo, alamu amupezera pogwira ku galaja. Ndikukupemphani, musatero. Mundikwiyire ine mmene mungafunire, ndazolowera kutukwanidwa ndi bwalo lodzaza, ngakhale mawu anu amapweteka kuposa awo. Koma mumupatse magolovesiwa, mumukweze basi. Kwa ine sangamve, kwa inu amva.

Musamuuze kuti ndapepesa pomuchotsa, chifukwa pamenepo sindikupepesa. Mungomuuza kuti yankho la pakambendera paja linali loperewera. Malume analipo, amayenda pambali pake, anangosowa pakamwa monga mwa masiku onse.

Ndikudziwa chimene ndikutaya. Wosewera wa kutsidya akaoneka pakhomo pa kochi wa adani, masapota awo angamudye wamoyo. Firiji yanga palibenso adzaitsegule osapempha. Ndibwerera pakangodya kanga ka tebulo, ndipo kaphikidwe kanga kazilanga ine ndekha. Zimenezo musamuuze.

Koma ichi mumuuze ndithu. Mwezi wamawa timu yanga ikumana ndi yawo. Mpira wapansi wa kumanzere kwake amachedwa kuugwera, akudziwa yekha. Ndidzauza Bwanamkubwa kuti azimenya komweko, ndipo sindidzamumvera chisoni, chifukwa goloboyi amene ndimamuopa sindimusiyira mpata. Nthawi yokonza ali nayo. Akadzaugwira mpirawo asadzayang'ane kubenchi kwathu. Akadzayang'ana adzangoona munthu atagwira kumutu, akumenya botolo la madzi ndi phazi, akuchita zonse zimene kochi wolephera amachita. Zinazo, za mumtima mwa malume, adzazidziwa yekha osayang'ana.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ntchito ya ku galaja aisungire ine, mwina ndidzaifuna tikadzagonja. Moni kwa ana onse, ndi kwa azakhali ngati mwapitako. Mwendowo mukaonetse kuchipatala, ndanenetsa. Mulungu akusungeni nonse, ndipo amuyendetse bwino mwana wathu panjira.

Ndine mlongo wanu,
Chetechete