Kanema wa amayi wachotsedwa

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kunja kuno ku komboni ya Imizamo Yethu tilipo, chifuwa chija chinandisiya, ndipo ntchito ya m'gadeni ikuyenda.

Ndalemba chifukwa cha kanema uja wa amayi akuvina pa chinkhoswe cha m'bale wathu Esnart, amene ndinamuika pa intaneti kuti abale onse aziona. Foni yanga itapsa ndi moto wa m'mashaki, tinyumba ta malata timene timakhalamo kuno, sindinadandaule kwambiri. Ndinkati kanemayo ali pabwino, kumene moto sufika.

Lamlungu ndinafuna kumuonetsa mwana wanga Tadala, poti agogo akewo sawakumbuka. Ndinapeza mdima wokhawokha ndi mawu akuti kanema wachotsedwa. Akuti nyimbo imene inkalira pa sipika tsiku lija ndi ya kampani ina, ndipo kampaniyo yadandaula. Ndinawalembera kuti sindikugulitsa nyimbo, awa ndi amayi anga ndipo anamwalira. Yankho lokana linabwera nthawi yomweyo, moti ndinadziwa kuti palibe munthu amene anawerenga.

Sindikana, woimba ayenera kudya thukuta lake. Koma nyimboyo inkamveka patali, chimene chinadzaza kanema yense ndi nthungululu zanu, achemwali. Nanga inu anakufunsani asanachotse?

Chonde pitani kwa a Gift amene anajambula, mwina akadali naye pa kompyuta. Mukamupeza, nditumizireni, koma musungenso kwanuko. Tadala akungondifunsa kuti agogo ake apitanso kuti.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Yohane