Chala cha Bambo a Tadala

Lachiwiri madzulo. Lero landiwawa kuposa tsiku la maliro.

Ndinapita ku Boma ndi foni ya malemu amuna anga. Ndalama zonse za geni yawo ya ku Chipata ankasunga kubanki ya pafoni, yopanda ofesi. Ankati oima pamzere kubanki ndi anthu osowa chochita.

Wokonza mafoni pamsika anangondibwezera. "Pepani mayi, iyi imatsekuka ndi chala cha eni ake."

Ndinaimbira kubankiko pa foni yanga. Kunangolira kanyimbo mpaka mayunitsi anatha.

Alamu anga akuti ndikubisa chuma cha m'bale wawo. Tadala amubweza kusukulu chifukwa cha fizi.

Chalacho tinachikwirira Loweruka ku Kachebere. Kuchipatala ndinagwira dzanja lomwelo mpaka linazizira, foni ili m'chikwama changa.