Madzi a M'mawondo Mwanu

Amama, kaya kuli bwanji kumene munapitako?

Kuno chimanga chacha bwino, nkhokwe idzadza. Achimwene akadali ku mapaini a ku Viphya, ndipo alamu abereka mwana wamkazi ku Boma. Akuti mphuno ndi yanu. Ine pakhomo ndatsala ndekha, moti ndimayankhula ndi mbuzi ngati wamisala.

Koma ndalakwa, Amama. Mukukumbukira abakha am'tchire aja a ku dambo lathu la ku Edingeni? Tikamadula bango la mphasa munkati, madzi akafika m'mawondo mbwenu bwerera, bango la kutsogolo ndi la abakha. Munkati amaikira pa zitsotso za pakati pa madzi akuya chifukwa galu safikapo, ndipo bango lothithikana limawabisa kwa akhwangwala.

Mvula itatha ndinapita ndekha koyamba ndi chikwanje chanu. Ndinadula, ndinadula, kudikira madzi afike m'mawondo monga munanenera. Kenako bakha phururu, pafupi kundimenya kumaso! Chisa chili poyera, mazira asanu ndi awiri. Ndinayesa kuphimba ndi bango lodula lomwelo, koma mawa lake ndinapeza makoko okhaokha, akhwangwala ali pamtengo.

Ndinalira chomene. Ndinatsata mawu anu, nanga ndinalakwa pati? Nditabwerera kunyumba ndinaona ndodo yanu yowolokera ija kuseri kwa chitseko. Ili ndi mzere wakuda wa matope pomwe inu munkalekezera. Nditaiimika pambali pa mwendo wanga, mzerewo unathera pa katumba. Aa, Amama! Ndinaiwala kuti munali wamfupi, inu amene munkandituma kuti ndikutsitsireni chilichonse cha pamwamba. Mawondo anga anandilowetsa m'nyumba ya abakha.

Chiyambireni sanabwerenso. M'mawa dambo lili zii, ndipo kulira kwawo kuja ndi kumene kunkandichititsa kumva ngati mukadali pafupi, mukutsuka mapazi. Ndakusowani.

Bango laphukanso, lafika kale m'chiuno. Achimwene akufuna tilime dimba pamenepo, ndawakaniza. Kaya abakhawo adzandikhululukira, sindikudziwa.

Ndikulonjeza kuti chaka chamawa ndidzapita ndi ndodo yanu, ndipo ndidzaima pa mawondo anu, osati anga.

Ndine mwana wanu wamtali uja, wokukondani,
Lusungu